Diresi la anganga lidakatulukira mumdima ku Chinamwali

Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu ku Chilobwe mu Malichi 2023, tonse tidatuluka amoyo, ndipo pa chimenechi sitileka kuthokoza poti anzathu ambiri a m'munsi mwa phiri la Soche kudawachera ali pansi pa matope. Katundu ndiye adapita. Matiresi, mapoto, wailesi, ngakhale satifiketi yanga ya MSCE, zonse zidasanduka phala. Koma anganga, mayi awo a bambo anga, za matiresi sadazitchule n'komwe. Chidawadya mtima ndi chithunzi chimodzi chomwe chinkakhala pamwamba pa kabati.

Chinali cha ukwati wawo ndi malemu agogo aamuna, chojambulidwa mu 1979 pakhomo pa tchalitchi kwathu ku Chiradzulu. Chosakhala cha kala ayi, chakuda ndi choyera. Tidachipeza patatha masiku atatu chitamatirira kugalasi la felemu, nkhope zitasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Agogo aamunawo adatisiya mu 2009 ndipo chithunzi chawo china padalibe. Anganga adachiyang'ana nthawi yaitali kenaka n'kungoti, "Basitu, abambo aja afa kachiwiri."

Chaka chidatha. Tsiku lina azakhali akufunafuna khadi la kusikelo la mwana m'chitini chakale cha mabisiketi kumudzi, adapeza kaenivelopu. M'kati mudali kapulasitiki kakuda kamakona anayi, kosaposa chikhatho cha khanda. Adatsala pang'ono kukaponya pamoto. Mwamwayi adayamba akaloza kudzuwa, n'kuona anthu awiri: mkazi wovala diresi lakuda bii, mwamuna wa suti yoyera, nkhope zawo mbuu ngati mizukwa. Inali negativi ya chithunzi chija.

Inu a mafoni mwina simudaionepo negativi. Kale wojambula akatsuka filimu, chomwe chinkatuluka chinali chithunzi chotembenuzika, choyera chili chakuda, chakuda chili choyera. Pepala lomwe munkapachika kukhoma linkachokera pamenepo. Tinganene kuti negativi ndi mbewu, chithunzi cha papepala ndi zokolola chabe.

Ndidazungulira nayo Limbe yense. Masitudiyo alipo mbwee, koma ntchito yake ndi zithunzi za pasipoti, kompyuta ndi pulinta basi. Mnyamata wina adati ameneyo ndi mpunga, adaimata negativi pawindo, n'kuijambula ndi foni, n'kuitembenuza pakompyuta. Ndalama adalandira. Chomwe chidatuluka, abale! Diresi lidangoti mbee ngati pepala losalembapo, pomwe padayenera kukhala nkhope ya agogo padali chibanthu chakuda cha mano awiri. Anganga adandibwezera. "Ameneyu si mwamuna wanga. Ichi ndi chitsa chopserera."

Adandithandiza ndi mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Adati ku Zomba, cha ku Chinamwali, kuli madala ena omwe akadali ndi chipinda cha mdima, akatsukabe zithunzi ndi mankhwala monga kale. Nambala yawo adalibe. Adangoti ndikafunse a kabaza, onse akuwadziwa.

Ndiye Loweruka lina mu Julayi 2024 ndidalawirira ku depoti ya Limbe, negativi ili m'Baibulo, Baibulo lili m'jumbo. Za minibasi mukudziwa kale. Kondakitala akuti watsala mmodzi, iwe n'kukwera, kenaka theka la okhalamo n'kuyamba kutsika mmodzimmodzi poti anali aganyu ongokometsera mipando. Tidakhala ola lathunthu injini ikungolira bodza. Ndinkatukwana chamumtima, osadziwa kuti minibasi yomweyi idzandithandiza kumvetsa phunziro lina masana ake.

Msewu wa ku Zomba ndi makilomita oposa 60. Chiperoni chidali chitagwira, phiri la Chiradzulu litafunda chifunga mpaka m'chiuno. Pa Njuli fumbi la miyala, pa Mbulumbuzi amayi ndi mabeseni a tomato, pa Namadzi anyamata a chimanga chootcha kulowetsa mikono pawindo, pa Thondwe msika utadzadza mpaka mumsewu. Tikuyandikira tauni phiri la Zomba lidatulukira kumanzere, chimtunda chopitirira mamita 2,000, kenaka nsanja ya chikumbutso cha asilikali a KAR. Tauni imeneyi idali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero ili ngati munthu wopuma pantchito yemwe sadasiye kuvala tayi. Nyumba zakale za boma, mitengo italiitali, anthu osathamanga. Ngati pali malo m'Malawi muno pomwe chinthu chakale chingabisale osasokonezedwa, ndi kumeneku.

Wa kabaza woyamba yemwe ndidamufunsa adaseka. "Madala a mumdima? Kwerani." Tidadutsa msika, n'kulowera msewu wa ku Liwonde, kenaka tidakhotera m'tinjira ta miyala ta ku Chinamwali, nyumba zitakwera phiri ngati mbuzi.

Ndidawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo. Munthu wa zaka za m'ma 70, wamfupi, juzi yobooka pachigongono, zala zake zikhadabo zachikasu. Dzina adandiletsa kulemba. Adati anthu akamva kuti uli ndi makina amaganiza kuti uli ndi ndalama. Nditawapatsa negativi adasamba m'manja kaye, adaigwira m'mbali mokha ndi nsonga za zala, n'kuiloza kumtambo.

"Sikisi bayi sikisi," adatero, kutanthauza masentimita 6 mbali zonse. "Anajambula masana dzuwa lili paliwombo. Ndipo wotsukayo anaisiya m'mankhwala nthawi yaitali, mwina anapita kukamwa tiyi. Taona diresili, kuda ngati phula. Taona nkhopeyi, kuonekera ngati galasi. Mdzukulu, wabweretsa mlandu."

Mlandu wake ndi uwu, ndipo wojambula aliyense wa kuno kwathu akuudziwa. Ukwati wathu ndi diresi loyera, suti yakuda, khungu lakuda, ndi dzuwa losachita nthabwala. Potsuka, kuwala kumadutsa mu negativi kukagwera papepala, ndipo pomwe pagwa kuwala kwambiri ndi pomwe pamada. Malo a diresi mu negativi ndi othithikana, kuwala kumadutsa movutikira. Malo a nkhope ndi opyapyala, kuwala kumangokhuthuka. Ukadikira kuti diresi lioneke, nkhope yapsa kale. Ukathamangira kupulumutsa nkhope, diresi palibe. Ndidawerengapo kuti kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza ku malabu a zithunzi za kala khadi lotchedwa Shirley, la mayi wachizungu, kuti aziyezera makina awo. Nditawauza madala zimenezi sadadabwe. "Nanga umayesa ankaganiza za ife? Nkhope yakuda timaisamala tokha, ndi manja."

Chipinda chawo cha mdima ndi kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba. Windo adalitseka ndi pulasitiki yakuda ija timafolerera denga la udzu, pachitseko bulangete ziwiri. M'kati fungo la vinega ndi chinyontho. Patebulo padali chimakina chonga bowa wachitsulo wokwera pamtengo, chomwe amachitcha enlarger: m'mutu mwake muli babu, pansi pake malo a negativi, kenaka lenzi yoponya chithunzi pansi chitakula. Chawocho ndi Meopta, ndipo pambali pake padalembedwa kuti chidapangidwa ku Czechoslovakia, dziko lomwe lidagawikana mu 1993. Dziko lidatha, makina akugwirabe ntchito.

Mbali inayo mabeseni atatu afulati. Loyamba la developer, mankhwala otulutsa chithunzi. Lachiwiri madzi a vinega woyera oimitsa ntchito ya oyambawo. Lachitatu fixer, wokhazikitsa chithunzi kuti chisadenso chikaona kuwala. Mankhwala amafuna madigiri 20, koma madzi a pampopi ku Zomba mu Julayi amaluma mano, ndiye adathiramo a m'ketulo pang'onopang'ono akuyang'ana kagalasi koyezera. Adati mu Okutobala zimatembenuka, amakagula madzi oundana kwa mayi wogulitsa mafilizesi.

Kenaka adatulutsa kabokosi ka Ilford Multigrade pansi pa tebulo. Adazimitsa getsi loyera, n'kuyatsa kababu kofiira, poti pepala limeneli silimva kuwala kofiira. Adawerenga ndi chala.

"Seveni. Amene amanditengera ku Joni sanabwere chaka chino, ndipo kwacha itagwa ija mu Novembala 2023 bokosi limodzi lasanduka mtengo wa mbuzi. Awiri tidula timizere toyesera. Atsala faifi. Ukalakwitsa, ukawafotokozera wekha agogo ako."

Pofuna kuti ndione vuto ndi maso anga, adayamba ndi njira wamba. Adaika fyuluta ya nambala 2 pansi pa lenzi, adayatsa makina masekondi angapo akuwerenga kugunda kwa wotchi ya pakhoma, n'kuponya pepala mu developer. Ndikuuzeni, awerengi, kaya mudaona zotani pa TikTok, palibe chofanana ndi ichi. Pepala loyera lili m'madzi, getsi lofiira, zii, kenaka mthunzi ukuyamba kubwera wokha, khomo la tchalitchi, mapewa, maso. Tsitsi lidandiimirira. Mphindi imodzi mu developer, masekondi khumi mu vinega, kenaka mu fixer. Atayatsa getsi loyera chimwemwe chidatha. Chinali chitsa chopserera chija, kungoti chooneka bwinoko. Mapepala atsala anayi.

"Tsopano tiwalekanitse awiriwa," adatero madala. "Mkazi timutsuka payekha, mwamuna payekha, koma papepala limodzi."

Njira imeneyi achingerezi amaitcha split-grade, ndipo kuti muimvetse muyenera kudziwa khalidwe la pepalali. Kale munthu unkagula bokosi la pepala lofewa, lina lapakati, lina lolimba, malinga ndi negativi. Multigrade ndi bokosi limodzi logwira ntchito zonsezo. Adalipaka mankhwala a siliva a mitundu ingapo yosakanizidwa. Yonse imamva kuwala kwa buluu mofanana, koma pa kuwala kwa girini ina imamva msanga, ina mochedwa. Ukalipatsa buluu, yonse imadzuka nthawi imodzi, chakuda chimada zedi, choyera n'kutsala choyera. Ukalipatsa girini, imadzuka motsatizana, ndiye kuda kumabwera pang'onopang'ono, ndi timitundu tambirimbiri totuwa pakati. Mafyuluta alipo 12, kuyambira 00 mpaka 5. Ya 00 ndi yachikasu, imatsekereza buluu n'kudutsitsa girini. Ya 5 ndi yofiirira ngati maluwa a bougainvillea, imatsekereza girini n'kudutsitsa buluu.

Mwa mafyuluta 12 aja madala adangotenga awiri, woyamba ndi womaliza. Adayala kamzere ka pepala podutsa pa diresi, fyuluta ya 00 ili pamalo pake, n'kumakaphimba ndi katoni akusuntha pang'onopang'ono: masekondi 4, 8, 12, mpaka 24. Titatsuka kadatuluka ngati makwerero, kotuwa, kosasangalatsa.

"Usayang'ane suti. Usayang'ane nkhope. Apa tikufunsa funso limodzi, kodi diresi layamba kulankhula pati?"

Pa 12 padalibe kanthu. Pa 16 mapindo a nsalu adayamba kuoneka. Pa 24 diresi lidali ngati lachapidwa m'madzi a phulusa. Tidatenga 16.

Kamzere kachiwiri adakayala podutsa pa suti ndi nkhope. Konse adakapatsa kaye masekondi 16 aja a 00. Kenaka, mosamala ngati akuchotsa dzira pansi pa nkhuku, adasintha fyuluta kuika ya 5, poti makina akangogwedezeka pang'ono zithunzi ziwirizo sizikumananso, munthu amatuluka ndi maso anayi. Adapanganso makwerero, ulendo uno masekondi awiriawiri. Funso lidali lina: kodi suti yafika pakuda kwenikweni pati, kolala ndi matumba zikuonekabe? Tidagwirizana pa 6.

Ndidafunsa ngati pali matsenga pamenepa. Adaseka mpaka kutsokomola. Adati ukangophatikiza 16 ndi 6 n'kupinda manja, chomwe watulutsa sichisiyana ndi cha fyuluta ina yapakati, ukadatha kuipeza poyesayesa. Phindu lenileni ndi lakuti tsopano uli ndi nthawi ziwiri zolowetsa dzanja. Adandionetsa kawaya ka sipoko ya njinga, kunsonga kwake atamatako kakatoni kozungulira ngati K10 yachitsulo. Pa nthawi ya 00, kakatoniko amakavinitsa pamwamba pa nkhope ya agogo masekondi angapo kuti utsi wotuwa uja usaikute. Ya 5 ikabwera imajambula maso, ndevu ndi mzere wa mphuno pankhope yomwe idakali yowala. Pa nthawi ya 5, amatchinga pang'ono pachifuwa cha suti kuti isasanduke dzenje. Dzanja lisaime, likaima limasiya chizindikiro.

Pepala lathunthu lidalowa m'madzi. Getsi litayaka ndidaona munthu yemwe ndidamudziwa ndili mwana ali nkhalamba ya ndodo, apa ali mnyamata wa masaya odzadza, tsitsi atalipesa mzere pambali, akuoneka wamantha ngati akudikira chigamulo kukhoti. Mphuno ndi ya bambo anga ndendende. Ine ndidati basi tatha, tikulunge.

"Watha iwe," adatero. "Taona velo. Taona m'munsi mwa diresi momwe dzuwa linamenya. Muli chiyani?"

Mudalibe kanthu. Pepala loyera basi. Atatu atsala.

Asadayankhe funso lawo lomwe, magetsi adathima. Tidapapasa chitseko n'kukakhala pakhonde. Mayi wa nyumba yoyandikana adabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika, ndipo maola awiri otsatirawo ndidangotsegula makutu.

Adayamba ntchito m'ma 1970 ngati wosesa mu situdiyo ya mmwenye wina, kenaka wosambitsa zithunzi, kenaka wotsuka. Zambiri zidali za ziphaso, maukwati, ndi amayi ojambulitsa ndi ana kuti atumizire amuna awo ku migodi ya ku Joni. Koma nyengo yomwe amaikumbuka ndi maso owala ndi ya matipate. Chisankho cha referendamu cha pa 14 Juni 1993 chikuyandikira, mpaka chisankho chachikulu cha pa 17 Meyi 1994, nyuzipepala zidaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba, ndipo iliyonse inkafuna chithunzi cha msonkhano wa dzulo. Ankatsuka usiku wonse, m'mawa zithunzi n'kukwera basi ya ku Blantyre zisadaumitsitse. "Akonzi ena mpaka lero sanandilipire. Nyuzi zawo zinafa ndi ngongole yanga."

Ndi m'nyengo imeneyo momwe adazolowera njira yomwe tinkadikira magetsi kuti tiyese. Misonkhano inkachitika masana, anthu akuda ovala malaya oyera, kumwamba kuli ngwee. Ndipo pepala la nyuzi limamwa inki, chakuda chimafalikira, choyera chimatha. Chithunzi chopita kunyuzi chinkayenera kukhala ndi kanthu ponseponse, apo ayi mtsogoleri atuluka ngati mthunzi wovala shati.

Za makampani akudziwa ngati mbiri ya pamtundu pawo, ndipo zomwe adandiuza ndidakazipeza zoona. Ilford idayamba mu 1879 ndi Alfred Harman. Multigrade idatuluka koyamba mu 1940. Makamera a digito atabwera, kampaniyi idagwa mu 2004, mabwana ake ena n'kuidzutsa mu 2005 pa dzina la Harman Technology, ndipo fakitale yake ili ku Mobberley kufupi ndi Manchester. Chaka chomwecho cha 2005 Kodak idasiya kupanga mapepala a zithunzi zakuda ndi zoyera. Madala adati atamva nkhaniyo adadziwa kuti ntchito yawo yalowa m'gulu la osula makasu.

Cha m'ma 3 koloko ana a m'mudzi adakuwa "ayaka!" ndipo tidathamangira mumdima.

"Pepala ndi laulesi," adayamba motero. "Kuwala kochepa kukaligwera silisintha n'komwe. Limafuna muyezo wina ukwane kaye ndiye liyambe kuda. Velo ija mu negativi ilimo, ulusi uliwonse, koma kuwala komwe kukudutsa pamenepo sikukukwana muyezo. Wabwera pa minibasi eti? Ikasowa anthu teni, wina mmodzi akakwera imanyamuka?"

Ndidati ayi, ndidaionera m'mawa womwewo.

"Nanga utatsala mpando umodzi?"

Apo ngakhale kamwana ka sukulu kakwere, dalaivala amaponda moto. Flashing ndi imeneyo. Pepala umalipatsa kaye kuwala wamba kopanda chithunzi, kochepa kwambiri kosati n'kulidetsa, kongodzadza mipando kuti utsale umodzi. Ndiye kakuwala kofooka kochokera pa velo kakafika, kamapeza ntchito yatheka kale. Kumalo akuda sikusintha kanthu kooneka, chifukwa kumeneko kuwala n'kochuluka kale, kadontho kamodzi m'chitsime. Kumasintha kumalo oyera okha.

Ena amachotsa negativi m'makina, ena ali ndi kababu kapadera kudenga. Madala safuna kugwedeza chilichonse, ndiye amangogwira kachidutswa ka pulasitiki yoyera, kodula ku chigubu, pansi pa lenzi. Chithunzi chimasungunuka n'kukhala kuwala kosalala ngati kwa chifunga. Adachepetsa kabowo ka lenzi mpaka 16, fyuluta ya 00 ili pomwepo. Kamzere koyesera adakalemba timizere ndi bolopeni, mbali imodzi n'kuiphimba yonse kuti ikhale mboni ya kuyera kwenikweni, kenaka makwerero a sekondi imodziimodzi. Titatsuka n'kuumitsa ndi nsalu, tidakatengera pakhomo. Pa 1, 2, 3, 4 sungasiyanitse ndi mboni ija. Pa 5 kautsi kayamba, kochita kufuna diso la mfiti kuti ukaone. Lamulo lake n'losavuta: peza pomwe utsi wayambira, bwerera kamodzi. Tidatenga 4. Adachenjeza kuti nambala imeneyi si ya m'Baibulo, ukasintha bokosi la pepala, kutalika kwa makina kapena kabowo ka lenzi, uyesenso.

Apa ndiye ndidachita manyazi a chaka. Poti manja awo onse adali otanganidwa, lina pulasitiki, lina katoni yotchingira mbali ya agogo aamuna kuti flashing igwere kwa mkwatibwi yekha, adati ine ndigwire switchi ndi kuwerenga wotchi. Kaya ndi mantha, kaya ndi tiyi uja, ndidayamba kuwerenga mochedwa, ndipo m'malo mwa 4 padadutsa mwina 7. Ndidakhala chete, ndikuganiza kuti masekondi atatu ndi chiyani. Pepala lidandiulula. Velo idatuluka inde, koma diresi lonse lidali lotuwa ngati lakhala sabata m'khitchini ya nkhuni, kuwala konse kwa tsikulo kutazima. Ukwati udasanduka maliro.

Madala sadakalipe. Adangoliyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Unawerenga zingati?"

"Mwina seveni, agogo."

"Ukanandiuza tisanaike negativi, bwenzi pepalali titalidula timizere, silikanafa chabe. Awiri atsala. Ndipo limodzi si lako."

Ulendo uno adawerenga okha mokweza, ine ndikungodina akati dina. Masekondi 4 a flashing, katoni ikugwedezeka pakati pa mkwati ndi mkwatibwi kuti pasakhale mzere. Adachotsa pulasitiki, adabweza kabowo ka lenzi pomwe kadali. Poti pepala lidali litadzutsidwa kale, 16 uja adamutsitsa kufika 14. Kawaya kadavina pankhope. Kusintha fyuluta, mpweya titaugwira. Masekondi 6 a nambala 5, dzanja pachifuwa cha suti. Kenaka adabwezanso 00 n'kuwonjezera pang'ono kumwamba kokha, kuti thambo lisiyane ndi m'mphepete mwa pepala. Mu developer adaliponya chafufumimba n'kulitembenuza, akugwedeza beseni ngati akutonthoza mwana. Ndidafuna kulivuula msanga poona kuti likuda, adandimenya padzanja. Pa getsi lofiira chilichonse chimaoneka chakuda kuposa momwe chilili, ndipo mphindi ikhale mphindi.

Getsi loyera litayaka sadanene kanthu, ndipo ndidadziwa kuti zatheka. Diresi lidali loyera ndithu, koma loyera la nsalu, lolemera, lokhala ndi mapindo. Velo inkaoneka timabowo take. M'manja mwa anganga mudali maluwa omwe pa chithunzi chakale chija, momwe ndikukumbukira, padangokhala chibulunga choyera. Ndipo pambali pake agogo aamuna, thukuta likunyezimira pachipumi.

Tidalisambitsa mphindi ziwiri m'madzi oyenda, poti ndi pepala lokutidwa ndi pulasitiki. Adati likadakhala lija la fibre bwenzi tikusambitsa mpaka ola ndipo ndikadagona konko. Fixer wotha ntchito adamuthira m'chigubu, adati muli siliva, sataya kufupi ndi chitsime kapena m'dimba. Chithunzi adachipanika pachingwe ndi chopanira zovala, n'kundichenjeza kuti chikauma chidzaderako pang'ono, ndisadabwe.

Pa za malipiro tidakangana, iwo akutsitsa, ine ndikukweza, zomwe sindidaonepo ku Limbe. Ndidafunsa za pepala lotsala lija. Adati pali negativi yomwe mnzawo adawajambula mu 1982 atavala suti ya makolala aakulu, ndipo akufuna aitsuke okha asadafe, kuti ana asadzaike pabokosi chithunzi cha pa chiphaso cha unzika. "Pamenepo ndimaoneka ngati wakuba mbuzi."

Ndidafika ku Chilobwe usiku, chithunzi chili pakati pa makatoni awiri pachifuwa. Anganga adali atagona koma adadzuka. Adapukuta manja pachitenje, adachitengera pansi pa babu. Nkhope ya amuna awo adaiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu kuvomereza, osanena kanthu. Kenaka chala chidatsikira m'munsi mwa diresi, pomwe pa mapepala oyamba aja padali poyera mbee. Padali kachigamba kakang'ono kamakona atatu, kosiyana pang'ono ndi nsalu inayo. Ine ndi madala tidakaona ku Zomba, tidayesa ndi banga la pa negativi.

Anganga adayamba kuseka mpaka misozi. Diresilo lidali lobwereka kwa akazi a aphunzitsi. Usiku woti mawa ukwati, khala lidagwa mu simbi n'kuboola m'munsimo, ndipo iwo ndi mng'ono wawo adachezera kusoka chigamba chodula ku pitikoti pa nyali ya koloboyi. Adalibweza Lolemba atalipinda bwinobwino chigamba chili m'kati, ndipo mwiniwake adasamukira ku Mulanje osanenapo kanthu.

"Zaka 45 palibe anadziwa," adatero akupukuta m'maso. "Madala akowo ndi apolisi kapena?"